Nankafumbwe wa M'nkhokwe ya Wamalonda

Pakati pa anthu onse amene amadya za thukuta lawo m'dziko lino la Malawi, palibe amene amawerenga tambala mosamala kuposa munthu wodzilemba yekha ntchito, kaya ndi telala wa pakhonde la sitolo ku Limbe, kaya kalipentala wokhoma mipando m'mphepete mwa msewu ku Mchesi, kaya mayi wogulitsa kaunjika mumsika wa Mzuzu. Pakuti munthu wotere alibe bwana womulipira mwezi ukatha, alibe penshoni yomuyembekezera mu ukalamba, ndipo akagona tsiku limodzi chifukwa cha malungo, tsikulo limapita pamodzi ndi ndiwo za ana ake. Komatu chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyu, amene angathe kunenerera ola lathunthu kuti wogulitsa belo amuchotsereko pang'ono, akafika pa ndalama zimene banki ndi makampani a foni amamudula, amagwa mphwayi, nangoti, "Ndi mmene zilili," osafunsa n'komwe kuti zadulidwazo ndi zingati, kapena kuti zadulidwa pa chifukwa chanji.

Mlimi aliyense amadziwa kuti wakuba akaboola nkhokwe usiku, mudzi wonse umamva kutangocha, ndipo mlandu umakafika kwa anyakwawa. Koma nankafumbwe sakuwitsa munthu, iye amadya njere imodziimodzi mwakachetechete, kufikira tsiku limene mwini nkhokwe adzapisa dzanja nadzatulutsa fumbi lokhalokha. Zolipiritsa za kubanki zimadya mpamba wa wamalonda mwa njira yomweyo. Sindikunena kuti mabanki ndi akuba, iyayi. Kusunga chuma cha munthu, kulipira alonda, kugula makina, ndi kuyendetsa ndalama kuchokera ku Nsanje kukafika ku Chitipa m'kanthawi kochepa, zonsezi ndi ntchito yeniyeni, ndipo palibe munthu wogwirira mnzake ntchito kwaulere. Chimene ndikunena n'chakuti gawo lalikulu la zimene wamalonda wamng'ono amalipira silikhala mtengo wa ntchito imene anaifunadi, koma mtengo wa kusadziwa ndi wa chizolowezi. Ndipo gawo limeneli angathe kulipulumutsa popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense.

Makolo athu amene anayamba kusunga ndalama kunja kwa nyumba zawo anazolowera kabuku ka ku positi ofesi, mmene kalaliki ankalemba ndi dzanja ndalama yolowa ndi yotuluka, nadindapo chidindo, kotero kuti ngakhale munthu wosapita patali ndi sukulu ankaona ndi maso ake pamene chuma chake chaima. Reserve Bank of Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, chaka cha ufulu wathu, ndipo kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni mu 1971, chaka chomwecho chimene National Bank of Malawi inabadwa pophatikiza nthambi za Barclays ndi za Standard zimene zinali m'dziko muno. Masiku amenewo banki inali nyumba ya eni makampani ndi akuluakulu a ntchito zolembedwa, ndipo munthu wa geni ankaionera panja. Zinthu zinatembenuka ndithu pamene Airtel Money inayamba mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, ndiponso mu 2015 pamene National Switch inalumikiza makina a ATM a mabanki osiyanasiyana, kuti khadi la banki imodzi lizitha kutapa ndalama pa makina a banki ina. Lero wogulitsa mbatata pa Lizulu kapena tomato pa Jenda amalandira malipiro ake pa foni, wogulayo ali ku Blantyre. Limeneli ndi dalitso lalikulu, ndipo wolikana ndi munthu wosayamika. Koma kabuku kaja kanapita, ndipo pamodzi nako panapitanso mwambo woyang'ana mzere uliwonse.

Mfundo imene ndikufuna kuti owerenga aigwiritse ndi iyi: ndalama ya masiku ano imadulidwa makamaka poyenda, ndipo nthawi iliyonse imene yasintha malo, kuchoka m'foni kupita m'manja, kuchoka m'manja kupita kubanki, kuchoka kubanki kubwerera m'foni, imasiyako kanthu pachipata. Tiyeni tiitsate ndi maso athu. Tiyerekeze mayi wosoka mayunifolomu a sukulu ku Kawale, amene kholo la mwana lamutumizira K40,000 pa foni. Madzulo mayiyo amapita pa kanyumba ka ejenti kopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira, pamene mnyamata wakhala ndi mafoni awiri ndi kope lokhathamira lolembamo manambala, natapa ndalamayo. Pamenepo yadulidwa koyamba. M'mawa mwake, poopa kusunga ndalama m'nyumba, amakwera minibasi kukaisungitsa kubanki, ndipo ngakhale banki itapanda kumudula kanthu, kondakitala wamudula kale, ndi theka la tsiku lapita makina osokera ali chete. Pakapita masiku atatu nsalu yatha. Mayi amafunsa pa foni kuti mu akaunti mwatsala zingati, funso limene nalonso kawirikawiri lili ndi mtengo wake, kenaka amatapa pa ATM imene wayandikana nayo, imene si ya banki yake, nadulidwanso. Ku Malangalanga amagula nsalu, ndipo yotsalayo amaiikanso m'foni kuti atumizire mchemwali wake kumudzi, naonjezerapo "yotapira" monga mwa ulemu wa masiku ano. Ndalama ndi imodzi yomweyo, ntchito yosoka inagwiridwa kamodzi, koma yalipira pa zipata zinayi kapena zisanu. Chikhalirecho mwini sitolo ya nsalu akanatha kulandira malipiro ake kuchokera pa foni ya mayiyo mwachindunji, ndalamayo n'kudutsa chipata chimodzi chokha.

Wina adzati, "Kodi K300 kapena K500 ndi ndalama yoti munthu wamkulu n'kuilirira?" Cholakwa chagona pa muyeso umene timayesera. Timayerekeza chodulidwacho ndi ndalama yonse imene yadutsa m'manja mwathu, pamene tiyenera kuchiyerekeza ndi phindu, popeza ndalama ya katundu si yathu, ndi ya wopikulitsa amene tidzamupitirenso mawa. Ngati mwagulitsa pa K100,000 katundu amene munapikula pa K90,000, chanu chenicheni ndi K10,000. Ndipo ngati pa kulandira, kutapa ndi kutumiza ndalamayo mwadulidwa K1,500, musadzitonthoze kuti n'kachigawo kochepa ka zonse zimene mwagulitsa, koma dziwani kuti mwataya K15 pa K100 iliyonse ya thukuta lanu. Munthu wotaya K500 patsiku, amene amatsegula malonda ake masiku 26 pamwezi, amataya K13,000 mwezi uliwonse, ndipo chaka chikamatha K156,000 yapita, osaguliramo ngakhale singano. Pang'onopang'ono ndi mtolo, anatero akale, ndipo mwambiwu ndi woona kwa wosonkhanitsa ndi kwa womwaza yemwe.

Chotero ntchito yoyamba si kusamuka banki, monga ena amathamangira akakwiya, koma kuwerenga. Pemphani sitetimenti ya miyezi itatu, makamaka ya pa foni kapena pa intaneti ngati banki yanu imapereka, pakuti yosindikiza papepala mabanki ambiri amalipiritsa. Mukhale pansi Lamlungu masana ndi cholembera chofiira, ndipo mulembe mzere kunsi kwa ndalama iliyonse imene inatuluka koma simunagulire kanthu. Mudzapeza timawu tachingerezi todukizadukiza, tina toti ngakhale mphunzitsi n'kukanda m'mutu, ndipo kuseri kwa timawu timeneti kuli ndalama yosungira akaunti pamwezi, ya khadi, ya mauthenga a SMS, ya kugwiritsa banki pa foni, ya kutapa, ya kufunsa zotsala, ndi msonkho pamwamba pake. Muchite chimodzimodzi ndi mauthenga a Airtel Money kapena a Mpamba, amene ambiri timawafufuta titangoona kuti ndalama yapita, osawerenga zimene zatsala. Mukaphatikiza zonsezi mudzaona kuti zodulidwazo zili mitundu iwiri: zina zimabwera mwezi uliwonse ngakhale mutagona m'chipatala, zina zimabwera chifukwa cha mapazi anu ndi zala zanu, ndipo mankhwala a mitundu iwiriyi ndi osiyana.

Zobwera mwezi uliwonse zimachokera pa mtundu wa akaunti. Amalonda ambiri, akangolembetsa bizinesi kuboma ndi kulandira nambala ya msonkho ya TPIN ku MRA, amayesa kuti ulemu wa bizinesi ndiwo kukhala ndi akaunti ya macheke. Akaunti yotere ili nawo malo ake, ndipo amene amagulitsa katundu ku boma, kusukulu, kumabungwe kapena kumakampani aakulu sangaipewe, chifukwa olipira otere safuna kuika ndalama m'dzina la munthu, amafuna dzina la bizinesi. Koma imadula mwezi ndi mwezi, kaya mwagulitsa kaya simunagulitse, ndipo kawirikawiri sibala chiwongoladzanja chooneka, kotero kuti wometa tsitsi kapena wokazinga tchipisi, amene sanalembepo cheke chibadwire, amakhala akulipirira ntchito imene saigwiritsa. Kwa wotere akaunti yosungira wamba, kapena maakaunti osavuta amene amayendera maejenti a mabanki, monga a Pafupi a NBS Bank kapena a Banki Pakhomo a FDH Bank, nthawi zambiri amakwanira. Musanasaine pepala lililonse funsani kalaliki momveka bwino kuti adzadula zingati pamwezi ngakhale akauntiyo musaikhudze, kuti ndalama yoyenera kutsalamo nthawi zonse ndi ingati ndipo chilango chake n'chotani mukaitsitsa, ndiponso kuti kusamutsa ndalama kuchoka mu akaunti kupita m'foni kapena kubwerera kuli pa mtengo wanji; ndipo mayankhowo muwalembe, mukawayerekeze ndi a banki ina ya tsidya lina la msewu.

Pali chizolowezi china chimene ndimachiona mwa amalonda ambiri, ndipo chimandimvetsa chisoni, ndicho kutsegula akaunti kubanki iliyonse imene yafika pamsika ndi galimoto ya zokuzira mawu ndi matisheti aulere, kufikira munthu mmodzi wogulitsa usipa akhala ndi makhadi anayi m'chikwama. Mapanga awiri avumbwitsa. Akaunti yoiwalika sigona tulo. Ngati ili ya mtundu wodula pamwezi imapitiriza kudya zotsalamo kufikira zitatha, ndipo zimachitika kuti mwini wake pobwera patapita zaka amauzidwa kuti iyeyo ndiye ali ndi ngongole. Imene simukuigwiritsa ntchito pitani mukaitseke ndi kalata, ndipo kope la kalatayo mulisunge. Komabe pali kugawa kumodzi kumene ndikukulimbikitsa ndi mtima wanga wonse, ndiko kulekanitsa ndalama ya bizinesi ndi ya pakhomo. Wodzilemba yekha ntchito adzilipire yekha malipiro, kamodzi pasabata kapena pamwezi, monga akanalipirira wantchito wake, ndipo za ndiwo, za makala, za chipepeso cha pamaliro ndi za pelekanipelekani wa paukwati zizichokera pa malipiro amenewo. Pakuti kutapatapa kwa tizinthu ta pakhomo ndiko kumachulukitsa maulendo a kwa ejenti, ndiponso ndiko kumachititsa kuti munthu asadziwe ngati bizinesi yake ikukula kapena ikufa.

Zobwera chifukwa cha mapazi ndizo zochuluka, ndipo ndizonso zosavuta kuchepetsa. Mitengo yotapira ndi yotumizira ndalama pa foni imaikidwa m'magulumagulu: kuyambira pakuti kulekeza pakuti mtengo ndi umodzi, koma mukadutsa malirewo, ngakhale ndi K50 yokha, mwalowa gulu lina la mtengo wokwera. Pepala la mitengoyi limamatidwa pa tinyumba ta maejenti ambiri, lofwifwa ndi dzuwa, anthu n'kumalitsamira osaliwerenga. Wamalonda wanzeru amalijambula pa foni yake nalisunga. Poliwerenga adzaona kuti kutapa K5,000 kasanu kawirikawiri kumadya zambiri kuposa kutapa K25,000 kamodzi, ndipo apa pali chosalungama chimene sindingathe kuchidumpha: wotapa zochepa ndiye amalipira gawo lalikulu pa kwacha iliyonse, kotero kuti mayi wa mandasi amalipira mopweteka kuposa mwini holoselo, ndipo wosauka amalipitsidwa chifukwa cha usauka wake. Ku mabanki nakonso lamulo lake ndi lofanana. Kutapa pa ATM ya banki yanu kumatsika mtengo kuposa pa ya banki ina, ndipo mabanki ambiri amalipiritsa mokwera munthu wolowa m'kati kukatapa pakauntala ndalama imene makina a panja akanatha kumupatsa. Sindikuuza munthu kuti aziyenda ndi mtolo wa ndalama m'depoti ya mabasi pofuna kupulumutsa K200, popeza zimenezo n'kuitana zigawenga. Ndikungoti maulendo akhale owerengeka ndi okonzekeratu, tsiku lopikula katundu likhalenso tsiku lotapa.

Koma chipulumutso chachikulu sichili pa kutapa mwanzeru, chili pa kusatapa konse pamene sipafunika. Mayunitsi a magetsi a ESCOM, bilu ya madzi ya Lilongwe Water Board kapena Blantyre Water Board, fizi ya masukulu ambiri, ndi katundu wa m'maholoselo ambiri a m'tauni, zonsezi lero zingathe kulipiridwa kuchokera m'foni kapena mu akaunti popanda ndalama kugwiridwa ndi dzanja. Ndipo malamulo amene anatuluka mu 2019 pansi pa Reserve Bank amafuna kuti mabizinesi a ziphaso akhale ndi njira yolandirira malipiro pa makina kapena pa foni. Mwambo uja wa "muikepo yotapira" tiuyang'anitsitse. Wamalonda wouza kasitomala aliyense kuti aonjezere yotapira amayesa kuti wapulumuka, koma mawa iyenso adzauzidwa mawu omwewo ndi wopikulitsa, ndipo onse awiri adzakhala atalipira kuti ndalama isanduke mapepala amene mkucha adzawabwezanso m'foni. Kuli bwino kufunsa kampani ya foni kapena banki za nambala ya malonda, imene makasitomala amalipirirapo katundu, yosiyana ndi nambala yanu ya pakhomo, ndi kumva bwino kuti pa nambala yotere wodulidwa ndani ndipo ndi zingati. Za kamakina kolipirira ndi khadi, kamene amakatcha POS, pafunika kuwerengera kaye mofatsa, chifukwa banki imatengako gawo pa malonda aliwonse odutsapo. Kwa mwini malo odyera kapena famasi ya m'tauni, amene makasitomala ake ambiri amayenda ndi makhadi, kamabweza mtengo wake, koma kwa wogulitsa shuga ndi sopo, amene phindu lake pa katundu ndi lopyapyala kale, kangathe kudya chonse chimene wapeza.

Tisaiwale kuti si zonse zodulidwa zimene zimatsala m'thumba la banki. Kuyambira mu Novembala 2021 msonkho wa VAT, umene pa nthawiyo unali 16.5 peresenti, unayamba kugwira pa zina mwa ntchito zimene mabanki amalipiritsa, ndiye kuti chodulidwa chilichonse chotere chimabwera ndi mwana wake kumsana, ndipo wochepetsa chimodzi wachepetsa ziwiri. Koma mbiri ya zaka zapitazi ikutiphunzitsanso kuti mitengo imeneyi sinalembedwe pa miyala ya pa phiri la Sinai. Anailemba ndi anthu, ndipo anthu angathe kuisintha. Mu 2019 boma linaika mu ndondomeko ya chuma msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zoyenda pa foni, koma anthu ndi mabungwe atadandaula kwambiri, msonkhowo unachotsedwa usanayambe kugwira ntchito. Mu Epulo 2020, mliri wa Covid-19 utafika, Reserve Bank inagwirizana ndi mabanki kuti atsitse ndi 40 peresenti mitengo ya ntchito za pa intaneti ndi pa foni, ndipo makampani a foni anachotsa kwa miyezi itatu mtengo wotumizirana ndalama pakati pa anthu a netiweki imodzi. Mabanki sanagwe, makampani sanatseke. Ine ndikuti chimene chinatheka chifukwa cha mantha a matenda chingathekenso, ngakhale pang'ono, chifukwa cha chifundo pa wamalonda wamng'ono.

Pa nkhani ya ngongole ndi pamene ambiri amavulala kwenikweni, chifukwa munthu wofuna ngongole amakhala ndi changu, ndipo wachangu sawerenga. Kuyambira mu 2019 mabanki amatsatira mlingo umodzi wa chiwongoladzanja umene umalengezedwa mwezi uliwonse, ndipo banki iliyonse imaonjezerapo gawo lake molingana ndi mmene yamuonera wokongolayo. Mu 2024, pamene mlingo wina, wa Reserve Bank, unafika 26 peresenti, ngongole inali yowawa kale payokha. Komatu pambali pa chiwongoladzanja pamakhala ndalama yokonzera ngongole, imene imachotsedwa musanalandire n'komwe, pamakhala inshulansi, mtengo woyesa chikole, ndi chilango chochedwa kubweza. Kotero kuti wosaina K1,000,000 amapita kunyumba ndi yoperewera, koma chiwongoladzanja chimawerengedwa pa yonse. Funso loyenera si lakuti, "Peresenti yanu ndi ingati?" koma lakuti, "Ndilandira zingati m'manja, ndipo pomaliza ndidzakhala nditabweza zingati zonse pamodzi?" Tingongole ta pa foni, tofika m'kamphindi popanda chikole, tili ndi chikomekome cha mkuyu, mtengo wake umaoneka wochepa chifukwa ndi wa masiku owerengeka, koma wotenga kangongole kotere mwezi uliwonse akauwerengera pachaka adzapeza kuti wayandikira kwa akatapila amene ankawathawa. 

Nanga njira zathu za m'mudzi? Chipereganyu, banki m'khonde ndi ma SACCO, amene bungwe lawo lalikulu la MUSCCO linakhazikitsidwa mu 1980, zathandiza anthu ambiri amene banki sinawayang'anepo, ndipo ubwino wake ndi wakuti chiwongoladzanja chimene membala amalipira chimabwerera kwa mamembala omwewo pogawana kumapeto a chaka. Wamalonda wosunga mpamba woyendetsera malonda m'foni kapena mu akaunti imodzi yotsika mtengo, nasunga za mtsogolo ku SACCO yolembetsedwa imene Reserve Bank imaiyang'anira, wachita mwanzeru. Banki m'khonde nayo ndi yabwino pamene anthu akudziwana ndipo mabuku akulembedwa poyera. Koma bokosi la makiyi atatu losungiramo ndalama za gulu lilibe mlonda, ndipo nkhani za msungichuma wothawa ndi ndalama za gulu tazimva m'midzi ndi m'matauni momwe.

Ndikudziwa kuti ena, atawerenga zonsezi, adzanena mumtima kuti kuli bwino kubwerera ku mwambo wakale womanga ndalama pansonga ya chitenje kapena kuibisa kunsi kwa matiresi. Amenewa ndiwachenjeze. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo m'miyezi yambiri ya 2024 mitengo ya zinthu inkakwera mopitirira 30 peresenti pachaka. Ndalama yogona m'nyumba imafota tsiku ndi tsiku, kuonjezera pa moto, chiswe ndi mbala. N'zoona kuti chiwongoladzanja cha akaunti yosungira wamba sichifika pa liwiro limeneli, ndipo chifukwa chake ndalama yoti siifunika msanga iyenera kusanduka katundu wogulitsa, kapena kuikidwa pa akaunti ya nthawi yoikika imene imabala zochulukirapo. Mu fanizo la matalente, pa Mateyu 25, kapolo amene anakwirira ndalama ya mbuye wake m'nthaka anadzudzulidwa chifukwa sanaipereke ngakhale kwa osunga ndalama kuti ibaleko kanthu. Ndiponso sitetimenti ya banki kapena ya foni ndiyo mboni yokhayo imene wodzilemba yekha ntchito ali nayo tsiku limene adzafuna ngongole yokulitsira malonda, popeza iye alibe kalata ya malipiro yochokera kwa bwana. Wothawa banki kotheratu wadzichotsera yekha mboni imeneyi.

Chotsala ndi kutsegula pakamwa. Ambiri a ife timalowa m'banki ngati tikulowa m'bwalo la milandu, chipewa m'manja, mawu otsika, kuiwala kuti ndalama zimene zili m'nyumbamo ndi zathu ndi za anzathu, ndipo kalaliki wovala tayi uja amalipidwa ndi zomwezo zimene timadulidwa. Safunsa anadya phula. Palibe mwano pa kuika sitetimenti patebulo ndi kunena kuti, "Pepani achimwene, tandimasulireni mzere uwu, ndalama iyi mwandidulira chiyani, ndipo ndichite chiyani kuti mwezi wamawa isadzabwerenso?" Kawirikawiri yankho limakhala lakuti pali ntchito ina imene munalembetsedwa tsiku lotsegula akaunti osaizindikira, ndipo ingathe kuchotsedwa, kapena kuti pali mtundu wina wa akaunti wokuyenerani umene sanakuuzeni chifukwa simunafunse. Amene ndalama zake zimadutsa zambiri mu akaunti apemphe kuonana ndi woyang'anira nthambi, chifukwa mitengo ina imakambidwa, ndipo banki sifuna kutaya kasitomala wokhulupirika. Ngati mwadulidwa molakwika, kapena ATM yadula akaunti osatulutsa ndalama, lembani dandaulo kubanki yanuyo, musunge kope ndi tsiku lake. Akapanda kukuthandizani, nkhaniyo ipite ku Reserve Bank of Malawi, kumene Gavanala, monga mwa lamulo la Financial Services Act la 2010, ndiye woyang'anira mabungwe onse a zachuma, ndipo kuli ofesi yomva madandaulo a anthu. Bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission ndi la Consumers Association of Malawi nawonso alipo chifukwa cha nkhani zotere.

Koma sikungakhale chilungamo kusenzetsa wamalonda katundu yense. Munthu sangayerekeze mitengo imene sangathe kuiwerenga, ndipo kufikira lero mapepala ambiri a mitengo ya mabanki amalembedwa m'Chingerezi cha akatswiri, m'zilembo zazing'ono, pamene otsatsa malonda a mabanki omwewo pa wailesi amayankhula Chichewa chomveka bwino akamatiitana kudzatsegula akaunti. Ngati chinenero chathu n'chokwanira potiitana, n'chokwaniranso potiuza mtengo. Chotero ndikupempha a Bankers Association of Malawi, a makampani a foni ndi a Reserve Bank kuti mitengo yonse yokhudza wamalonda wamng'ono ilembedwe pa tsamba limodzi m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, m'zilembo zoti nkhalamba n'kuwerenga popanda mandala, imatidwe pakhomo la nthambi iliyonse ndi pa kanyumba ka ejenti aliyense, ndipo uthenga uliwonse wa pa foni uzinena poyera ndalama imene yadulidwa munthu asanatsimikize ndi nambala yake yachinsinsi. Inu a telala, a kalipentala ndi amayi a pamsika, musadikire kuti zimenezi zichitike kaye. Lolemba likudzali kapempheni sitetimenti yanu ya miyezi itatu.